Ndinathamangitsa Mwamuna wa Amayi ndi Munsi

Ndiyambe ndi kunena kuti wolakwa si ine. Ndikudziwa kuti kwathu kwa Kuntumanji mukafunsa aliyense, ngakhale amene tsikulo anali ku Songani kokagulitsa mpunga ndipo sanaone kanthu, akuuzani kuti mwana wa ku Mzuzu uja mutu wake sukoka, anathamangitsa bambo ake omupeza ndi munsi mpaka kuwagwetsera m'ngalande. Zoti ndinawathamangitsa sindikukana. Zoti anagwera m'ngalande n'zoonanso (koma sindinawakankhe, analumpha okha molakwika). Chimene chimandiwiritsa mtima mpaka lero n'chakuti palibe amafunsa kuti zinayamba bwanji.

Zinayamba ndi kafotokozedwe ka nkhani ka mayi anga.

Ine ndine telala, ndili ndi kashopu kanga ku Mzuzu. Kwathu n'kutali, ulendo wake umadya tsiku lathunthu, choncho za kumudzi ndimazimvera pa foni. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amayi amandifulasha, ine n'kuwaimbira. Tsono mayi anga sadziwa kuti pali nkhani yaikulu ndi yaing'ono. Kapena amadziwa, koma yaikuluyo amaikwirira pansi penipeni. Amayamba ndi moni, wanga, wa ana anga, mpaka wa landilodi wanga amene sanamuonepo. Kenako mvula. Kenako nyanja ya Chilwa, ngati yadzaza kapena yayambanso kuthawa. Kenako mbuzi, iliyonse ndi khalidwe lake. Akachoka apo alowa ku nkhuku za aneba ndi chitopa. Mng'ono wanga amene amakhala ku Blantyre atabereka mwana wake woyamba, amayi anandiuza nkhaniyo atamaliza kaye kufotokoza za chiswe chimene chinadya chitseko cha bafa.

"Amayi, bwanji simunayambe ndi imeneyi?" ndinakuwa.

"Ukuthamangira kuti? Mwanayo wabadwa kale, sabwerera," anayankha.

Munthu wotere mungamutani? Ine ndinapeza njira yanga. Lamulungu masana ndi pamene ndimamaliza zovala za anthu zimene zatsalira, ndiye ndinkaika foni pambali pa makina, phazi likupalasa, n'kumaponyamo "eya", kapena "zoona?", kapena "ayi, Mulungu ngwabwino". Mawu amenewa amakwana pa nkhani iliyonse ya mayi anga, kaya ya maliro kaya ya mbuzi yothyola khola.

Bambo anga anamwalira kale, ine ndisanapite ku Mzuzu, ndipo chichokereni mng'ono wanga amayi ankakhala okha. Chaka chatha m'nkhani zawo munayamba kumveka dzina lachilendo. A Namakhwa a ku chilumba cha Chisi abwera ndi nsomba za makumba. A Namakhwa andithandiza kuwokera mpunga. A Namakhwa amata pamene pamadontha paja. Ine m'mutu mwanga ndinangoti ndi waganyu, ndipo ndinakondwa kuti nkhalamba yapeza wolimbika ntchito.

Lamulungu lina ndinali ndi kasitomala wovuta, mayi amene ananenepa titamuyeza kale ndipo ankati diresi ndalichepetsa ndine. Ndili ndi mapini kukamwa, ndinamva kumchira kokha kwa mawu a amayi.

"...ndiye amalume ako akuti asanawayankhe amve kaye za iwe, poti ndiwe woyamba kubadwa."

"Zimene anene amalume ine ndavomera," ndinatero.

"Ndithu?"

"Ndi mtima wonse, amayi."

Sabata ina anandipempha kuti ndisoke shati ya munthu wamwamuna, yoyera, khosi lalikulu, mikono yaitali. Ndinasoka n'kutumiza pa basi, ndikuyesa ndi ya amalume. (Amalume anga a Dayisoni ndi kamunthu kafupi, khosi ngati la nkhuku. Ndine telala, ndinayenera kudabwa. Koma imeneyo tiisiye.) Kenako anati Loweruka kuli mwambo kutchalitchi, ubwera? Kutchalitchi kwathu mwambo sutha, lero ubatizo mawa chopereka cha masika, ndiye ndinati sinditha koma mukandipempherereko. Inde, ndinauza mayi anga kuti akandipempherere pa ukwati wawo womwe. Koma taonani bwino, mawu akuti ukwati mwawamva penapake pamenepa? Iwo amati anawanena. Ine sindinawamve.

Nthawi yomweta mpunga itafika ndinaganiza zopita kumudzi osawauza, ndikawadzidzimutse. Nditayenda usiku wonse, ndinatsika pa Songani mtima uli kale m'mwamba, chifukwa kondakitala anandikhazika pa thumba la anyezi kuchokera ku Liwonde. Wakabaza amene ananditenga ankayendetsa njinga yamoto ngati wabera, ndipo pofika kwathu fumbi linali litandipaka mpaka m'nsidze. Mudzi unali zii, anthu onse ali kudambo ku mpunga. Nyengo imeneyo ndi imene akuba amayenda, aliyense wa kunyanja amadziwa, n'chifukwa chake mpunga wopunthapuntha timausunga kuchipinda chogona, pafupi ndi mutu.

Ndinapeza chitseko cha amayi chili chotsekula. Ndisanaodire n'komwe, kuchipinda kwawo kunatuluka chimunthu chachitali, imvi mbuu, thumba la mpunga lili paphewa. Ndipo chinavala shati yoyera. Shati yanga. Msoko wanga ndimaudziwa ngakhale uli patali. Mutu wanga unawerengera msangamsanga: waba mpunga kwa amayi, ndipo wayambira kwa amalume kumene waba shati.

Pakhonde panali mtondo ndi munsi. Ndinaponya chikwama pansi n'kutola munsiwo.

"Iwe! Tula!"

Ndinamutchula iwe munthu wa imvi, ndipo pa nthawiyo zinandikomera. Iye anatula thumba pang'onopang'ono, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Aa, mwafika mayi? Takulandirani. Timakuonani pachithunzi chili m'nyumbamu."

"Mwandilandira? Pakhomo pa ndani?"

"Ndife a pano, mayi. Timati tiyanike mpungawu, dzuwa lilipo."

"A pano? Pano ndinabadwira ine, nkhope iyi sindinaionepo. Shatiyo waitenga kuti?"

"Munasoka ndinu, mayi. Zikomo kwambiri, ikutikwana bwino zedi."

Wakuba wothokoza! Magazi anandithamangira kumutu. Ndinamufunsa kuti ndiwe ndani, ndipo iye anayang'ana pansi, akukanda kumbuyo kwa khutu, n'kunena kuti amayi anu akufotokozerani akabwera. Apa nawonso ndimawakwiyira a Namakhwa. Akanangonena kuti ndine mwamuna wa mayi anu, zonse zikanathera pakhonde pomwepo. Koma ati munthu wamkulu sanganene mawu otero kwa mwana wamkazi wa mkazi wake, n'zolaula. Ulemu umenewo ndi umene unawagwetsera m'matope.

"Wakubaaa! Wakuba kuno!"

Mawu ndili nawo, amene anandimvapo ndikukangana ndi ogulitsa nsalu akudziwa. Anthu anatulukira kudambo akuthamanga, zikwakwa m'manja, ena mipini. Atafika pabwalo n'kuona amene ndamuloza ndi munsi, onse anaima. Palibe anamugwira. Amuna anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo, atsikana ena anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka. Mayi wina woyandikana nafe, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda, anayandikira.

"Mwana iwe, tula munsiwo. Amenewa ndi..."

"Ndi anzanu eti? Mumagawana? Mayi anga akuvutika okha pamudzi pano, inu mukuonerera akuberedwa dzuwa likuswa mtengo!"

Ndinaona kuti ngati mudzi wonse wagulidwa, ntchitoyi ndiigwira ndekha. Ndinakweza munsi. A Namakhwa anayamba kubwerera chambuyo, manja ali m'mwamba, kenako anatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Tinazungulira nkhokwe, tinazungulira khola, tinadutsa pakati pa chinangwa cha aneba. Munsi ndi wolemera, sindikanawapeza, koma iwo sankadziwa zimenezo. Kumapeto kwa mudzi kuli ngalande yopita ku minda ya mpunga. Anayesa kuilumpha ngati mnyamata, mwendo unakana, ndipo anagwera m'kati chagada. Shati yoyera ija inatha pomwepo.

Mukuganiza kuti ndinalekera pamenepo? Ndinabwerera kunyumba ngati msilikali, n'kulowa kuchipinda kuti ndione zimene zasowa. Sindinapeze chosowa. Ndinapeza zowonjezera: mathalauza pachingwe, nsapato zazimuna pansi pa bedi, ukonde pakona, kasutikesi ka malata. Mutu wokwiya susowa yankho. Ndinati ndi katundu wakuba kwina amene akumubisa m'nyumba ya nkhalamba, ndipo ndinayamba kuponya panja chimodzichimodzi, anthu akuonerera. Nsapato, thalauza, ukonde, sutikesi. Nditabwereranso kuti ndione chatsala, maso anga anagwera pabedi. Panali mapilo awiri, oyalidwa bwinobwino moyandikana.

Dzina lija la pa foni linabwera lokha m'mutu, limodzi ndi makumba ake.

Potuluka ndinapeza amayi ataima pakati pa bwalo, matope mpaka m'mawondo, chikwakwa m'manja. Sanandipatse moni, mayi amene amapereka moni ngakhale kwa landilodi. Anayang'ana katundu ali mbwee pafumbi, kenako anayang'ana ine.

"Iwe, bambo ako wawatani?"

"Bambo anga ali kumanda."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo anthu onse anati haa. Amayi anaponya chikwakwa pansi.

"Sindinakuuze ine? Tsiku lija mbuzi yakuda inaswa mapasa, sindinakuuze kuti a Namakhwa atumiza anthu kwa amalume ako? Sunanene kuti wavomera ndi mtima wonse? Shati ya ukwati sunasoke ndiwe?"

"Nkhani ya ukwati mumaiika pakati pa mbuzi ndi chitopa? Amayi, ukwati! Munthu amaimba foni n'kunena kuti mwana wanga khala pansi, ndikukwatiwa. Basi!"

"Asa! Ine msinkhu uno ndiziyamba ndi ndikukwatiwa ngati kamtsikana? Kwa mwana wobala ndekha? Nkhani yotere munthu amaizungulira, wanzeru amamva."

"Ndiye mwazungulira mpaka mwandisocheretsa!"

"Wasochera wekha. Ukuyesa ine ndine gonthi? Ndikamayankhula ndimamva makina ako akulira, gwedegwede, gwedegwede, iwe eya, eya. Ndinakuuzapo kuti ndagona masiku osadzuka, madzi akumwa kusowa wonditungira, iwe unati Mulungu ngwabwino. Amene anabwera kudzanditungira madziwo ndi amene wawagwetsera m'ngalandewa."

Ndinati komabe, komabe, koma palibe chinatsatira.

Tili mkati mokangana, a Namakhwa anali atasamba kumjigo. Anabwera mwakachetechete, anatola katundu wawo pafumbi, anamanga mu ukonde, n'kulunjika kudoko osayankhula ndi munthu. Amalume anafika iwo atakwera kale bwato. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu. Mwamuna pamudzi pa mkazi wake ndi mkamwini, anatero, ndipo eni mbumba akamuponyera katundu panja ndiye kuti amuuza kuti ukwati watha. Sabwerera yekha ngakhale atamukonda bwanji mkaziyo. Ayenera kukatengedwa, ndipo wokamutenga ndi amene anaponya katunduyo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero amalume.

"Ine ku Chisi sindipita. Atumeni ana."

Amayi anali atakhala pakhonde chitembenukire kukhoma. Anayankhula osandiyang'ana.

"Akapanda kubwerera amenewa, nambala yanga uifufute. Ndikadzafa udzamva kwa anthu, poti iwo amayamba ndi nkhani yaikulu."

Madzulo amenewo sanadye. Mayi anga ndi munthu woti ngakhale pa maliro a bambo ankauza anthu kumene kuli mchere, koma tsiku limenelo anangokhala, maso ali kunjira ya kudoko. Ndinaona kuti sakuseka.

M'mawa mwake ndinali m'bwato ndi amalume, tambala wopepesera ali m'khwapa mwanga. Boti la injini linali litapita kale, ndiye tinakwera bwato lopalasa, lija ukayetsemula limapendama. Ine madzi ndimaopa chibadwire, ngakhale ndinakulira m'mbali mwa nyanja. Wopalasa ankakankha ndi nsungwi yaitali m'mabango, akundiyang'ana n'kumamwetulira.

"Ndinu a munsi aja?" anafunsa.

Amalume ndi amene anayankha kuti eya ndi omwewa, ngati akuonetsa ng'ombe pamsika. Tili pakati pa nyanja tambala anandichitira chimbudzi pa diresi langa labwino, limene ndinasoka kuti anthu akumudzi aone kuti ku Mzuzu sindikusewera. Ndinafuna kumuponya m'madzi, koma ndikanakafika chimanjamanja.

Ku Chisi nkhani inali itafika kale. Kuchokera padoko mpaka kwawo kwa a Namakhwa, amayi ankasiya kuyanika matemba n'kumatiperekeza ndi maso. Anatilandira mlongo wawo wa a Namakhwa, mayi wojintcha wa mawu ngati a mwamuna. Amalume anawapatsa mpando. Ine anandilozera pansi, padzuwa, pamene panalibe ngakhale mkeka. A Namakhwa anakhala chapatali pansi pa mtengo, akusoka ukonde, shati ija itachapidwa ili pachingwe koma yosabwereranso mtundu wake.

Amalume anayankhula mawu ambiri okoma. Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ife sitimva za amalume. Amalume sanathamangitse munthu. Mlongo wanga uyu akazi kuno anamukana ndani? Anawoloka nyanja chifukwa chokonda mayi anu, mpaka kusiya bwato lake. Inu mwamutcha wakuba pamaso pa mudzi. Ndiye mutiuze pamaso pa mudzi uno, mwabwera kudzatenga ndani?"

"A Namakhwa," ndinatero.

"A Namakhwa ndi ambiri pa chilumba pano. Amenewa ndi ndani wanu?"

Ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinagwada pamenepo, mawondo akupsa, diresi likununkha tambala. Bambo anga ondibala anali munthu wovuta, sindinama, koma anali bambo anga, ndipo dzina limenelo sindinaganizepo kuti ndidzalipereka kwa munthu wina, makamaka amene ndamudziwira kumsana akuthawa. Ndinayang'ana amalume kuti andithandize. Iwo anali kuyang'ana tambala. Ndinakumbuka amayi atakhala pakhonde, mbale yawo yosakhudzidwa.

"Ndabwera kudzatenga bambo anga."

"Sitinamve, kuno kuli mphepo."

"Bambo anga! Ndabwera kudzatenga bambo anga, ndinawalakwira!"

Ndinakuwa mokwiya moti agalu anauwa. Sikunali kupepesa kokoma, koma a Namakhwa anaika ukonde pansi, anabwera n'kundigwira dzanja kuti ndidzuke.

"Basi mayi, zatha. Ifenso tinalakwa kuthawa, munthu wosalakwa sathawa. Koma munsi uja munaukweza kwambiri."

Anthu anaseka, ine sindinaseke. Mpaka pano sindiona chosekesa.

Tinabwerera atatu m'bwato. Pofika kunyumba tinapeza amayi akupeta mpunga. Ndinkayembekeza kuti mwina anena kuti wachita bwino mwana wanga, wawoloka nyanja, wagwada pamaso pa alendo. Ayi ndithu. Anandidutsa ngati mtengo, n'kukalandira katundu m'manja mwa amuna awo.

"Mwabwerako?" anatero, ngati munthu wachokera kumsika.

"Tabwerako."

Kenako amayi anaseka. Kuseka kwina kwake kwa pansipansi, dzanja lili pakamwa, kumene ine mwana wawo woyamba sindinakumvepo m'nyumba imene ija zaka zonse zimene ndinakuliramo. Zinandikhudza, ndipo zinandipsetsanso mtima, chifukwa chinthu chachikulu chotere chinachitikira mayi anga ine ndikusoka zipi.

Masiku amene ndinakhalako amayi ankandiyankhula zofunika zokha: madzi ali apo, tseka chitseko. A Namakhwa ndi amene ankayesa kucheza nane, ngakhale ndinaona kuti ndikadutsa pafupi ndi mtondo ankasuntha mpando. Tsiku lobwerera, amayi anandiperekeza mpaka pamsewu pamene wakabaza ankandidikira. Ndinaona kuti ino ndi nthawi yokonza zinthu kuti zoterezi zisadzachitikenso.

"Amayi, ine ndapepesa, ku Chisi ndapita. Koma nanunso musinthe. Kuyambira lero, nkhani yaikulu izikhala yoyamba. Zing'onozing'ono pambuyo."

Anakonza kaye mpango kumutu.

"Chabwino. Yaikulu ndi iyi: sindinakukhululukire. Bambo akowo akhululuka poti ndi ofatsa, ine ayi. Tsopano zing'onozing'ono. Mpunga uli m'thumbamo ndi wa ana, usagulitse. Matemba ndakulunga pawiri kuti asanunkhitse zovala. Ukafika undifulashe."

Anatembenuka n'kumapita, osacheuka.

Anzanga ku Mzuzu amati phunziro lake n'lakuti safunsa anadya phula. Ine ndimati phunziro lake n'lakuti anthu akuluakulu aziyankhula zomveka, ndipo pamenepo sindisuntha. Koma ndinapempha ndekha kuti azindiuza mosazungulira, ndipo anandiuza. Miyezi yapita tsopano, mpunga uja ana anamaliza kalekale, ndipo mawu akuti zatha ndawamva kwa a Namakhwa, kwa amalume, ngakhale kwa mlongo wawo wa ku Chisi uja. Kwa mayi anga sindinawamvebe.